Pepala la Mng'ono Wanga

1

Mng'ono wanga analowa mu ofesi mwanga osagogoda, chinthu chimene sachita. Mzime wathu ameneyu ndinamulera ndekha amayi atamwalira, ndipo mpaka lero tonse timangomuitana kuti Mzime, ngakhale ndi munthu wamkulu wa zaka makumi atatu. Tsiku limenelo anangokankha chitseko n'kuponya kalata patebulo panga.

"Achemwali, werengani. Akuti ndine wakuba."

Kalatayo inachokera ku komiti yosungitsa mwambo pa yunivesite pathu. Inati mayeso ake omaliza a digiri ya udokotala wa zamaphunziro, ija amati PhD, ayimitsidwa, chifukwa pepala la kafukufuku limene anatumiza ku magazini yathu lafanana kwambiri ndi lina lomwe linatuluka kale kunja. Akapezeka wolakwa, amuchotsa sukulu, ndipo zaka zinayi zomwe wavutika zipita pachabe.

"Khala pansi, Mzime," ndinatero. "Akuti wabera ndani?"

Anandiyang'ana maso ali psuu.

"Alamu. Amuna anu, achemwali."

2

Ndikufotokozereni kaye za ntchito yanga kuti mumvetse. Kwa zaka zisanu ndi zinayi ndinali mkonzi wamkulu wa magazini ya kafukufuku wa zaumoyo. Si magazini yogula pamsewu ngati mukuwerengayi. Munthu akafufuza chinthu amalemba pepala, n'kutitumizira. Ife timachotsa tsamba loyamba lomwe lili ndi dzina lake, kenako pepalalo timalipereka kwa akatswiri awiri kuti aliunike. Ounika sadziwa wolemba, wolemba sadziwa ounika. Pepala lisanatuluke ndi chinsinsi cha mwini wake, ndipo ife timangokhala osunga.

Pali lamulo linanso. Wachibale wako akatumiza pepala, iwe mkonzi sulikhudza. Umasayina fomu, ntchito yonse n'kupita kwa wachiwiri wako. Wachiwiri wanga anali bambo wina wowonda, wa magalasi, amene tinkamutcha a Ndondomeko, chifukwa ngakhale ufune kungosuntha mpando amayamba wakuuza kuti, "Ndondomeko yake si imeneyo." Tinkamuseka kumbali, koma magazini yathu inkalemekezeka chifukwa cha iyeyo. Inenso ndinali wouma mtima pa zoterezi. Ophunzira ankandiopa chifukwa cha bolopeni yanga yofiira, ndipo m'misonkhano ndinkaima kutsogolo kuphunzitsa anthu za kukhulupirika.

Mzime atatumiza pepala lake, ndinasayina fomu ija pamaso pa a Ndondomeko.

Kafukufuku wake anali wa madzi a m'mijigo. M'dera lina lakumidzi ana ambiri amakula ndi mano othimbirira, ofooka, ndipo iye ankafuna kudziwa ngati vuto lili m'madzi. Kwa zaka ziwiri anayenda mijigo makumi anayi ndi iwiri, kutunga madzi m'timabotolo, kubwera kunyumba miyendo ili mbuu. Nthawi imeneyo ankakhala kwathu. Madziwo ankawayezera mu labu ya amuna anga, amenenso ndi mphunzitsi pa yunivesite pomwepo, ndipo buku la mu labumo ankasayina ndi iwo monga mwini chipinda.

Amuna angawo anthu amawatcha a Dokotala. Anakhala a Dokotala zaka khumi ndi ziwiri anzawo akukwezedwa kukhala mapulofesa, chifukwa kukwezedwa kumafuna mapepala, ndipo iwo kulemba ankati mawa, mawa. Ndiye pepala lawo litatuluka ku magazini ya kunja, tinasangalala. Ineyo ndinawagulira tayi. Sindinaliwerenge pepalalo, ndinangoona mutu wake kuti ndi za madzi, n'kuganiza kuti ndi zawo za masiku onse za mu labu.

La Mzime linakhala kwa ounika miyezi khumi, poti athu amachedwa. Litavomerezedwa, a Ndondomeko analilowetsa mu kompyuta yofufuza zofanana monga amachitira ndi pepala lililonse. Kompyutayo inaloza pepala la amuna anga.

3

Loweruka masana ndinawakhazika onse awiri pabalaza kwathu. Ndinkaganiza kuti ndi nkhani yoti tingaithetse pabanja.

A Dokotala anakhala mwendo uli pa unzake, akuvundula tiyi pang'onopang'ono.

"Mlamu, ine sindikukwiyira," anatero. "Unafulumira basi. Kafukufuku uja anali wa labu yanga, iwe unkangonditungira madzi. Ukanandifunsa, ndikanaika dzina lako pambali pa langa."

"Kukutungirani madzi?" Mzime anaimirira. "Alamu, mjigo umodzi wokha mungautchule dzina la mudzi wake?"

"Buku la mu labu lili ndi siginecha ya ndani?"

"Pepala lija ndinalemba nditasamuka muno! Sindinakuonetseni n'komwe."

"Eya, ndiye ukundithandiza kulankhula. Sunandionetse, ndiye ine ndinaliona kuti? Koma iwe makiyi a nyumba ino uli nawo mpaka pano, ndipo kompyuta yanga unkasindikizirapo zinthu zako. Langa ndinayamba kalekale. Unalipeza, n'kuthamangira kutumiza ine ndisanamalize."

Mzime anatembenukira kwa ine.

"Achemwali, lankhulanitu."

"Ine sindingalowerere," ndinatero. "Ndinasayina fomu. Komiti ndiyo iweruze."

Anatola chikwama chake. Ali pakhomo anatulutsa makiyi a nyumba yathu m'thumba, n'kuwasiya pawindo.

4

Lolemba m'mawa ndinatseka chitseko cha ofesi, n'kutsegula pepala la amuna anga pa kompyuta. Ndinkafuna ndipeze chinthu chonditsimikizira kuti bambo wa ana anga sakunama.

Masamba oyamba anali ofanana ndi a Mzime, mawu atangowatembenuza apa ndi apo. Nditafika pa tebulo lachitatu la manambala, maso anga anaima pa mzere womaliza, umene amaphatikiza zotsatira zonse n'kuzigawa ndi chiwerengero cha mijigo. Panalembedwa 2.0. M'pepala la Mzime pamalo pomwepo panali 2.1. Pansi pa tebulolo panali chiganizo china chomwe m'pepala la Mzime munalibe.

Ndinachiwerenga kawiri. Ndinayang'ana kabati yapansi ya tebulo langa, ija ndimakhoma nthawi zonse, koma sindinaitsegule.

Kuyambira mphindi imeneyo ndinadziwa amene ankanama. Ndinazimitsa kompyuta, n'kupita kukaphunzitsa kalasi yanga ya 10 koloko ngati palibe chachitika.

5

Komiti za pa yunivesite sizithamanga. Inadutsa miyezi inayi.

Mzime anamuletsa kulowa mu laibulale ndi mu labu. Ntchito yophunzitsa ophunzira a chaka choyamba anamulanda. Anthu amene dzulo ankamupatsa moni tsopano ankayang'ana mafoni awo akakumana naye pa masitepe. Pulofesa yemwe ankamuyang'anira anali atapita kukagwira ntchito kunja, ndipo anangolemba mizere iwiri kuti nkhani za pabanja iye salowerera.

Mwana ameneyu anaonda. Ankabwera ku ofesi kwanga ndi mabuku ake a kumudzi aja, odetsedwa ndi fumbi, n'kumandionetsa tsamba ndi tsamba.

"Taonani, achemwali. Mijigo iwiri inauma pakati pa chaka, ndiye ndinaichotsa powerengera. Ukagawa ndi makumi anayi umapeza 2.1. Alamu alemba 2.0, ndiye kuti anagawa ndi makumi anayi ndi iwiri. Munthu amene anafikako sangalakwitse choncho. Ndauza komiti, koma alamu akuti ine ndinasintha dala nambalayo pofuna kubisa kuti ndabera. Ndipo akuwakhulupirira, poti iwo ndi akuluakulu."

"Limba mtima," ndinkatero, n'kumupatsa tishu.

Tsiku lina a Ndondomeko anaima pakhomo panga, faelo ili kukhwapa.

"Madamu, nkhani iyi ikundisowetsa mtendere. Ndalembera ounika onse awiri, akukana kuti sanapatse munthu. Kwa ine silinatuluke. Ngati linatuluka muno, linatuluka bwanji?"

"Mwina silinatuluke muno."

"Ndi zomwe ndalembera komiti. Ndanena kuti kwathu kuno ndondomeko inatsatidwa, ndipo ndikhoza kulumbira." Anakonza magalasi. "Komatu mawu anga amenewo ndi omwe akumumaliza mwana uja."

Kunyumba a Dokotala ankadya bwinobwino, kuimba likhweru posamba, ndipo kalata yawo yopempha upulofesa inali itapita kale. Ine chakudya ndinkangochisiya m'mbale. Ndinkawayang'ana bambo amenewa akumanga tayi yomwe ndinawagulira, mtima n'kumawira, koma pakamwa pali gwa.

Lachitatu lina Mzime anandiimbira foni.

"Akuti chigamulo ndi Lachisanu. Kalaliki wa komiti wanditsina khutu kuti kalata yondichotsa alemba kale, yangotsala kusayinidwa. Achemwali, ndatopa. Mwina ndingovomera kuti ndinabera, andikhululukire."

6

Tsopano ndikuuzeni zomwe ndakhala ndikukubisirani.

Fomu ija ndinasayinadi, koma patapita masiku atatu ndinaphwanya lonjezo langa. Lachisanu lina a Ndondomeko atapita kukadya, ndinalowa mu kompyuta ya magazini ndi nambala yanga yachinsinsi, n'kusindikiza pepala la Mzime. Ndinadziuza kuti ndi chikondi, kuti ounika angamukhadzule mwana wanga. Koma zoona zake n'zakuti sindinkakhulupirira kuti Mzime angalembe chinthu chabwino popanda ine. Munthu amene unamuphunzitsa kumanga nsapato, zimavuta kuvomera kuti wakula.

Ndinapita nalo kunyumba. Loweruka lonse ndinakhala patebulo lodyera ndi bolopeni yanga yofiira. Nditaona 2.1 ndinaganiza kuti walakwitsa, poti mijigo inali makumi anayi ndi iwiri. Za mijigo youma ija anazilemba kumapeto kwenikweni, komwe ndinali ndisanafike. Ndinakhwatcha nambala yake, n'kulemba 2.0, ndipo m'mbali ndinawonjezera chiganizo changa chofotokoza tebulolo. Lamlungu ndinapita kukaona ana kusukulu yogonera komweko, pepala n'kulisiya patebulo pomwepo. Pobwerera manyazi anali atandigwira. Lolemba ndinalikhomera mu kabati ya ku ofesi, osauza munthu.

Nambala yolakwika ija inali yanga. Chiganizo chija chinali changa, liwu ndi liwu.

Lachinayi madzulo, titangoweruka, ndinawapeza a Dokotala akutsuka galimoto panja. Ndinaika mapepala aja pa boneti.

"Bambo, awa mukuwadziwa?"

Anawayang'ana, n'kufinya nsanza bwinobwino asanayankhe.

"Ndimayesa unawotcha."

"Munawajambula ine nditapita kwa ana."

"Panalibe dzina. Ndinkadziwa bwanji kuti ndi a ndani?"

"Musandipusitse! Mwana anagona m'nyumba mwanu zaka ziwiri, mabotolo ake ali mbwee pakhonde, inu osadziwa?"

Anataya nsanza mu ndowa. Nkhope yomwe ndinaona pamenepo sindinkaidziwa, pa zaka zonse makumi awiri.

"Chabwino, ndinkadziwa. Iye ndi mwana, adzalemba ena. Ine ndatsala ndi zaka zingati? Ukudziwa mmene zimawawira kumatchedwa mwamuna wa amkonzi? Ndipo tamvera, mayi. Ukapita nawo ku komiti mapepala amenewa, woyamba kugwa ndi iweyo. Unasayina fomu. N'chifukwa chake wakhala chete miyezi yonseyi, si choncho? Ine ndimadziwa kuti sungalankhule."

Zinandiwawa kuposa kumenyedwa, chifukwa sankanama. Bambo ameneyu anali atandiyeza ngati madzi a mu labu mwake, n'kupeza kuti dzina langa ndimalikonda kuposa mng'ono wanga. Ndipo kwa miyezi inayi ndinamutsimikizira kuti anayeza bwino.

7

Lachisanu komiti inakumana m'chipinda cha pamwamba, chija chili ndi tebulo lalitali. Anthu asanu mbali imodzi, wapampando ali pakati. Mzime anakhala yekha kumapeto, manja ali pamiyendo. A Dokotala anavala suti. A Ndondomeko analipo monga mboni.

Ine sanandiitane. Ndinangolowa.

"Madamu, nkhani ino simukuyenera kukhalapo," anatero wapampando.

"Ndikudziwa. Ndabwera kudzadzinenera mlandu."

Ndinaika mapepala aja patebulo, n'kutsegula tsamba la tebulo lachitatu la manambala lija. Ndinafotokoza zonse, tsiku lake, ola lake, ndi kuti kompyuta ya magazini imasunga mbiri ya aliyense wosindikiza, akhoza kukaona. Wapampando anaika pepala la amuna anga pambali pa zolemba zanga zofiira, n'kumatsata ndi chala. A Ndondomeko anavula magalasi, n'kuyang'ana pansi. Munthu amene analumbira chifukwa chondikhulupirira.

"A Dokotala, muli ndi mawu?" anafunsa wapampando.

Ndinkaganiza kuti apepesa, kapena akhala chete. Anaimirira, n'kukonza jekete.

"Zikomo, apampando. Ndakhala ndikumuteteza mkazi wangayu, koma poti wayamba yekha, ndinene. Mapepala amenewa anandipatsa ndi iyeyu. Anati mwini wake anasiya sukulu, ndiwagwiritse ntchito kuti ndikwezedwe. Zofiirazo ankakonzera ine. Ine ndinalakwa kukhulupirira mkazi wanga."

Ndinawatembenukira.

"Bodza!" ndinakuwa, ine amene sindikuwa. "Dzulo lomweli munavomera!"

"Pali mboni?" anafunsa a Dokotala modekha.

Panalibe. Amene anandipulumutsa pang'ono ndi a Ndondomeko, omwe anafunsa ndi timawu tawo totsika kuti ngati a Dokotala analandira mapepalawo m'manja mwanga, n'chifukwa chiyani kwa miyezi inayi akhala akuuza komiti yomweyi kuti analemba okha, ndi kuti mlamu wawo anawabera pa kompyuta. A Dokotala anangokhala pansi.

Chigamulo chinatuluka patatha sabata ziwiri. Mzime analibe mlandu. Magazini ya kunja ija inachotsa pepalalo, n'kuika chidziwitso pamwamba pake choti aliyense aone. A Dokotala anawachotsa ntchito. Ine anandichotsa ukonzi, ndipo kwa zaka zisanu sindiloledwa kuunika pepala la munthu. Zoti ndinawapatsa dala kapena ayi, komiti inati siingathe kutsimikiza. Mawu amenewo ali mu faelo yanga mpaka lero, ndipo anawaikamo ndi bambo wa ana anga.

8

Tsiku la komiti lija, titatuluka, ndinamupeza Mzime ataima pa masitepe. Ndinatambasula manja kuti ndimukumbatire. Anabwerera m'mbuyo sitepe imodzi.

"Zoti munawapatsa dala sindikukhulupirira," anatero. "Ndimakudziwani. Koma ndifunse chimodzi. Munadziwa liti kuti nambala ija ndi yanu?"

Ndikanatha kunena kuti dzulo, ndipo palibe akananditsutsa. Koma mabodza anali atandikwana.

"Lolemba lija, titangokumana kunyumba."

Anawerenga ndi zala, milomo ikuyenda.

"Miyezi inayi. Ndinkabwera mu ofesi mwanu kudzalira, mapepalawo ali mu kabati pafupi ndi mwendo wanga."

"Mzime, ndinkaopa."

"Inenso ndinkaopa, achemwali. Alamu ndi munthu wobwera, anaona chinthu n'kutola. Koma inu munkandipatsa tishu."

Anatsika masitepe aja osacheuka.

Papita chaka ndi theka. Banja langa linatha, ndimakhala m'kanyumba ka zipinda ziwiri ndi ana anga. Pepala la Mzime linatuluka m'magazini yathu, mkonzi wake ali a Ndondomeko, ndipo ndamva kuti mijigo isanu ndi umodzi ya m'dera lija anaitseka n'kukumba ina. Tsopano nayenso ndi dokotala. Tsiku lolandira digiri sanandiitane. Ndinapitabe, n'kuima kumbuyo kwenikweni pakati pa anthu osawadziwa, ndipo atatchula dzina lake ndinaomba m'manja mpaka zikhato zinawawa.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, mwina mukuti woipa m'nkhaniyi ndi mwamuna uja. Ndi woipadi, ndipo sindinamukhululukire. Koma ambiri a inu muli ndi chinthu cha munthu wina chomwe munapatsidwa kuti musunge, kaya ndi pepala, faelo ya wodwala, mayeso a mwana kapena chinsinsi cha mnzanu. Tsiku lina mudzafuna kuchitsegula, ndipo chifukwa chake chidzamveka chabwino, monga changa chinamvekera. Musatsegule. Ngati munatsegula kale ndipo wina akuvutika nazo, musadikire Lachisanu la chigamulo ngati ine. Lankhulani lero lomwe.

Mzime ndimamulembera uthenga mwezi uliwonse. Amayankha mwaulemu, mawu awiri kapena atatu, ndipo amayamba ndi "Madamu". Chichokereni pa masitepe paja sananditchulenso achemwali.